Njinga Yambulanda ya a Langton

A Langton Mbewe si munthu amene mungamuganizire zachibwana. Kumudzi kwa akazi awo, kuseri kwa Kasakula, akhalako pachikamwini mpaka imvi zamera m'ndevu, ndipo palibe anawamvapo akukweza mawu. Mowa samwa. Jekete lawo ndi lomwe lija la paukwati, Susana mkazi wawo amangolisintha mabatani. Fodya akamusoka, ngakhale ansanje amaima pachigafa pawo nkuyamikira. Munthu wotere salakwa kawirikawiri, ndiye tsiku limene walakwa mudzi wonse umasiya makasu nkubwera kudzaonerera.

Kwawo kobadwira ndi ku Mvera, kumene bambo awo ankatchetcha udzu pamishoni. Masiku amenewo kunkabwera alangizi a zaulimi pa njinga yamoto yakuda, ya nyali imodzi yobulungira ngati mbale, thanki yonyezimira, injini yonse ili poyera. Langton, mwana wa zigamba kumatako, ankaithamangira mpaka kumlatho. Tsiku lina anaipeza itaimikidwa pansi pa mtengo, nakhudza thanki ija ndi chala chimodzi chokha. Alangiziwo anam'menya dzanja ndi chipewa pamaso pa anzake, akuti aidetsa. Nkhaniyi sanauzepo munthu, ngakhale Susana, koma inakhala mumtima zaka zonsezi.

Pamudzi pamene anakwatirapo, mwini khomo anali apongozi awo, a Nachisale, mayi wamfupi wa pakamwa pakuthwa. Awiriwa ankapatsana ulemu wakale uja umene achinyamata a lero amauseka. Akakumana panjira, a Langton ankapatukira kutchire nkunjuta, chipewa chili m'manja. Sanadyerepo pamodzi, sanagwiranepo chanza. Ngakhale akhale pakhonde limodzi, mawu ankadzera mwa Susana: "Uwauze apongozi kuti nkhokwe yapendama." Mlendo akanati amadana, pamene mayiyo ankamukonda mkamwini wakeyo kuposa mwana wobala yekha. Munda wachonde wa kumunsi kwa phiri, umene mwana wawo Malizani ankauyang'ana ndi diso lofiira, anaupereka kwa a Langton.

Kenaka a Nachisale anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo kuphazi lamanzere kunabuka bala losamva mankhwala. Adokotala a pachipatala chaching'ono sanabise mawu. Anati azibwera Lachinayi lililonse kudzatsukitsa, akalekerera adzadula. Koma chipatalacho chili kutali, kuseri kwa zitunda. Pangolo ankanyamuka m'mawa nkukafika dzuwa lili paliwombo, mayiyo atagwedezeka mafupa onse. Anyamata a kabaza nawo mvula ikangogwa amakana kukwera chitunda cha kumudziko, ngakhale muwanyengerere bwanji.

Chaka chimenecho fodya wa m'munda uja anachita bwino, ndipo banja linakhala pansi nkugwirizana kuti pagulidwe njinga yamoto. Kakhalidwe kake panalibe wofunsa, chifukwa aliyense kumapiri kuno amakadziwa: mkamwini kutsogolo, mkazi wake pakati, apongozi kumbuyo atagwira kaliyala. Potero wodwala amafika kuchipatala, ulemu nawo osaonongeka.

"Uwauze apongozi akasankhe okha," anatero a Nachisale kwa Susana. "Iwo aja sagula mphika wobooka."

A Langton anapita ku Dzaleka, kumene anamva kuti kuli bambo wina wa ku Burundi wogulitsa njinga zabwino. Anazipezadi zitandandalikidwa, zofiira ndi zabuluu, za chishalo chachitali chokwana banja, kumbuyo kaliyala woti nkumangapo thumba la fetereza. Anali atagwira kale handulo ya ina yofiira pamene anaona tayala likusuzumira pansi pa chiguduli pakona. Anafunsa, ndipo wogulitsayo anavundukula.

Inali yomwe ija ya alangizi, kapena mng'ono wake. Yakuda, nyali imodzi yobulungira, masipoko onyezimira, injini pamtunda popanda pulasitiki ndi imodzi yomwe. Wogulitsayo anafotokoza kuti si yakale ayi, anangoipanga dala kuti izioneka yachikale, ndipo anaigula kwa mzungu wina wa m'mabungwe amene anabwerera kwawo. Chishalo chake chinali chachikopa chofiirira, chachifupi, chokwezeka pang'ono kumapeto. Kuseri kwake kunalibe kanthu, tayala basi.

"Bambo, iyi ndi ya munthu woyenda yekha," anatero wogulitsayo. "Mbuzi simunyamula, thumba simumanga. Kumudzi tengani yofiira ija."

Ndisawanamizire kuti anapusitsidwa. Anamva bwinobwino, ndipo chishalocho anachiyeza ndi chikhatho, naona kuti anthu atatu sangakwanepo ngakhale atasala kudya mwezi wonse. Koma dzanja lawo linali litagona kale pathanki, ndipo panalibe wowamenya ndi chipewa. Mumtima anati kaliyala ndi chitsulo chabe, owotcherera ali mbwee pa Kasakula. Anaigula.

Ulendo wobwerera sadzauiwala, ndipo nchimene chimawapweteka kwambiri, chifukwa anasangalala zedi. Mphepo ya m'mapiri a Dowa inkalowa m'jekete, injini ikulira mokhathamira pansipansi, osati kulira kwa udzudzu kwa njinga za kabaza. Anthu a m'misika ankatembenuka. Pena anaimika popanda chifukwa, kungoti atsike aione ili chiimire. Bambo wa zidzukulu anayimba nyimbo ya kusukulu ya pulayimale, yekhayekha pamsewu.

Atafika pakhomo, anthu anaunjikana. Malizani, mlamu wawo uja, anaizungulira manja ali kumbuyo ngati akugula ng'ombe.

"Alamu, mwatigulira yambulanda?" anafunsa. "Zovala zake zatsala kusitolo?"

Anthu anaseka, a Langton nawo anasekerera. Koma Susana sanaseke. Anakwera kumbuyo kwa mwamuna wake kuti ayese, ndipo chishalo chinathera pa iye. Anapapasa kumbuyo ndi dzanja, napeza mphepo. Anatsika mwakachetechete, nakonza chitenje chake.

"Bambo a Kezia, amayi akhala pati?"

"Tikawotcheretsa kaliyala," anayankha a Langton, maso ali pansi. "Mawa lomwe lino."

Mawalo anaitulutsa, naipukuta, nayang'ana pamene wowotcherera adzayatse moto wake pa utoto wakudawo. Mtima unakana. Anati ayambe amaliza kupalira mtedza. Tsiku linalo anati amva kuti magetsi azima pa Kasakula. Zifukwa sizisowa kwa munthu amene sakufuna.

Lachinayi linafika ndi mvula ya usiku wonse, njira ili thope lokhalokha loti ngolo singakwere. A Nachisale anatuluka atavala bwino, phazi lili m'bandeji, nafika panjingapo akutsimphina. Susana anali atavomera kutsala kuti mayi ake akhale pamalo pakepo. Mayiyo anayang'ana uku ndi uku, kufuna chitsulo choti agwire.

"Susana, ndigwira chiyani?"

"M'chiuno, amayi."

"Mwa ndani?"

A Langton anali pachishalo, msana atauumitsa, makutu akutentha. A Nachisale anatembenuka.

"Uwauze apongozi azimitse, asathe mafuta. Phazi lero silikupweteka."

Malizani sadziwa ngakhale poliza njinga, ndipo anyamata a kabaza atawaimbira foni anati adikire kuume. Sabata imeneyo a Nachisale ankatsuka okha balalo ndi madzi amchere kuseri kwa nyumba. Mawu oipa sanatulutse ndi amodzi omwe, ndipo akanatukwana bwenzi zili bwino. A Langton ankadzuka ndi mtima woti lero ndiye lero, koma akavundukula chiguduli nkuona nyali ija, ankapeza ntchito ina yofulumira. Lachinayi linanso linadutsa choncho, mvula ili chigwere.

Susana anawapeza kuchigafa akukonza mapaso. Sanakhale pansi.

"Bambo a Kezia, chala cha amayi chada. M'nyumba simukulowekanso ndi fungo. Ine ndakhala nanu zaka zonsezi, sindinakupempheni ndolo kapena nsapato. Lero amayi apite kuchipatala, kaya muwabereka kumsana, izo mudziwa ndinu."

Nzeru inachokera kwa wodwala yemweyo. Anatuluka ndi chitenje chawo cha Chigwirizano cha amayi a kumpingo, nachipereka kwa Susana kuti achikulunge m'chiuno mwa mwamuna wake, nsonga ziwiri zitsalire kumbuyo. Pakati pawo anaikapo pilo. Susana anawakweza mayi ake, ndipo mayiwo anakulunga nsongazo m'manja mwawo mwamphamvu, nkhope atayang'ana kumbali. Thupi la mkamwini sanalikhudze ngakhale ndi chikhadabo.

Anatsika chitunda pang'onopang'ono, a Langton mapazi akukwakwaza m'thope. Njinga ikati iterereke, chitenje chinkawakoka pamimba mpaka mpweya kubanika, ndipo kumbuyo ankangomva kubuula kwapansipansi. Tsoka lake linali tsiku la msika pa Kasakula, ndipo njira ina kulibe. Anyamata a kabaza, omwe aja okana kukwera phiri, anali pamthunzi pawo. Mmodzi anaimirira nkuloza.

"Taonani ngolo yatsopano! Ikwapuleni ng'ombeyo, agogo, ikuchedwa!"

Msika wonse unafa nacho chiseko. Amayi ogulitsa tomato anaimirira kuti aone bwino, ena akuwomba m'manja. A Langton anadutsa pakati pawo pa njinga imene ankailota kuyambira ali mwana, atamangidwa chitenje cha amayi m'chiuno, ndipo analakalaka nthaka itang'ambika. Koma manyazi a pamsika anali aang'ono poyerekeza ndi amene ankawadikira kutsogolo.

Kuchipatala, anamwino anawathandiza mayiwo kulowa, a Langton natsala panja pafupi ndi zenera. Anamva adokotala akumasula bandeji. Atayamba kulankhula, mawu awo anali okalipa.

"Agogo, ndinakuuzani chiyani? Masabata onsewa munali kuti? Kulibe wokubweretsani kwanuko?"

A Langton anagwira khoma. Anadikira kuti dzina lawo litchulidwe, ndipo mwina akanapepukidwa likanatchulidwa.

"Alipo, adokotala," anayankha a Nachisale. "Mkamwini wanga anachita kugula njinga chifukwa cha ine. Wolakwa ndine, ndimasokoneza masiku. Ukalambatu uwu."

Mayi amene ankadziwa tsiku lobadwa la mbuzi iliyonse pamudzi, akuti amasokoneza masiku! Adokotala anawakalipira ngati mwana, iwo nkumangoti pepani. A Langton anakhala pansi pomwepo, pasimenti yonyowa, chitenje chija chikadali m'chiuno chifukwa anaiwala kuchimasula. Analira, ndipo amayi amene anali pamzere ankaganiza kuti kwagwa maliro.

Tsiku lomwelo ambulansi inawatengera a Nachisale kuchipatala chachikulu kuboma, kumene anakadula chala chachikulu cha kuphazi. Madokotala anati phazi lapulumuka mwamwayi. A Langton sanadikire kuti atuluke. M'mawa mwake anali pa Kasakula, pakhomo pa Andreya wowotcherera, amene amapanga mafelemu a mawindo ndi kukonza ngolo. Andreya anaizungulira njingayo akupukusa mutu.

"Madala, chinthu chokongola chonchi? Muganize kaye. Ndikayatsa moto apa sichibwereranso."

"Wotcherera," anatero a Langton. "Chishalo chifike apa. Kumbuyo uike chogwira cholimba, mbali zonse ziwiri."

Anaima pomwepo osaphethira mpaka ntchito inatha. Andreya anachotsa chishalo chachikopa chija nkuikapo thabwa lalitali lokutidwa ndi siponji ndi lona wabuluu, ndipo kaliyala anamupanga ndi zitsulo zotsala za mawindo. Utoto unapserera mbali zonse. Njinga inatuluka pamenepo yonyansa kuposa za kabaza zonse za pamsikapo, nyali yokha ndiyo inatsala yakale ija. Chishalo chachikopacho Andreya anawapatsa kuti atenge, iwo anati achitaye.

Mpaka lero Lachinayi lililonse mudzawaona akutsika chitunda atatu. Malizani anasiya zoseka, ndipo a Nachisale sanauzepo munthu za masabata aja. Amayenda ndi ndodo tsopano, nsapato ya kumanzere atatsindiramo thonje. A Langton akakumana nawo panjira amapatukabe nkunjuta, koma maso awo amathamangira kuphazi lija, ndipo amadzuka mochedwa kuposa kale.

Tsiku loyamba kukwera njinga yokonzedwayo, Susana atakhala pakati, mayiyo anagwira chitsulo cha Andreya nachigwedeza kuti aone ngati nzolimba. Anakhutira, nakhazikika bwino. Kenaka anaweramira kukhutu kwa mwana wawo, koma mawu anawatulutsa mokweza ndithu.

"Uwauze apongozi ayendetse bwino. Zala zotsalazi ndikuzifunabe."

Susana sanabwereze uthengawo. A Langton anali atamva kale, ndipo anaponda kiki kangapo konse njinga isanalire.