Mizere Imene Ndinkawabisira a Mbewe

Ndinasiya koleji ku Greenwich nditakhalako chaka ndi theka. Ndinkaphunzira ndakatulo za anyamata a ku Amereka a m'zaka za m'ma 1950, aja ankakana masuti, ntchito za muofesi ndi malamulo a makolo. Ndinawamvetsa bwino kwambiri moti ndinasiya kulowa m'kalasi. Mayi anga, omwe ndi nesi ku Romford, sanaone kuti kumeneku n'kukhoza.

"Ndakupezera ntchito," anatero Lamlungu lina tikutuluka m'tchalitchi. "Ndi yowerenga. Chimenecho bola umatha."

Abwana anga anali a Mbewe a ku Thamesmead, mkulu wa mpingo wathu. Anathawa ku Malawi nthawi ya chipani chimodzi atawapeza ndi buku loletsedwa. Atapuma ntchito yoyendetsa mabasi analembetsa kalasi ya akuluakulu, nasankha kulemba za alakatuli omwewa, poti anamva kuti nawonso boma lawo linkawalonda. Maso awo anali atatha ndi matenda a shuga. Ine ndinalembedwa ntchito ya maso.

Zida zathu zinali makadi a mizere, pensulo, malabala ndi mabokosi asanu a nsapato. Bokosi lililonse linali ndi mutu wake: Msewu, Mulungu, Bomba, Misala, Thupi. Ndinkawerenga ndakatulo mokweza kawiri. Iwo akakweza chala ndinkaima, kulemba mzerewo pa kadi, nambala ya tsamba pakona, iwo n'kutchula bokosi. Tikamaliza buku ndinkamanga makadi ake ndi labala.

Chimene sindinawauze mayi n'chakuti alakatuli amenewa amatukwana. Amatchula ziwalo zobisika, ndi zonse zimene ziwalozo zimachita, mosasankha wochita naye. Ine ndinaleredwa kuti pamaso pa akulu ngakhale za kuchimbudzi umazizungulira. Tsiku loyamba nditafika pa mzere wotere ndinayang'ana imvi za a Mbewe, ndinamva anti, akazi awo, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya kukhitchini, ndipo ndinatsokomola n'kudumpha. A Mbewe sanadziwe. M'miyezi iwiri ndinasanduka katswiri. Wolakatula akavula, ine ndinkamuveka asanafike m'makutu mwa mkulu wa mpingo.

Linali Lachinayi, kutatsala masiku anayi kuti akafotokoze pepala lawo pamaso pa kalasi. Anakweza mabokosi limodzilimodzi kuti amve kulemera. La Thupi linkalira ngati chisekese, munali makadi atatu.

"Lemba, mphwanga," anatero mokondwa. "Anyamatawa anangonamiziridwa. M'mabuku awo mulibe mzere umene sindingauwerenge pa guwa."

Pensulo inakana kuyenda. M'maganizo ndinawaona ataimirira mu suti yawo yamgonero, akunena zimenezi kwa anthu oti mabukuwo anadziwerengera okha.

"Ankolo, pali zina ndinkadumpha."

"Zingati?"

"Zokwana bokosi. Mwina awiri."

Anavula magalasi, omwe sankawathandiza kanthu, n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Chifukwa?"

"Ulemu."

"Ulemu," anabwereza. "Kwathu kunali ofesi yathunthu ya anthu aulemu ngati iwe, ankapaka inki yakuda m'mabuku kuti tisaonongeke. Ndinawathawa mpaka kuoloka nyanja zikuluzikulu. Lero mmodzi wandipeza ku Thamesmead, akumwa tiyi wanga." Anakankhira buku kwa ine. "Tsamba loyamba. Ukatsokomola, udziwe kuti basi yako imaima pakona apo."

Ndinawerenga. Mawu ena ndinali ndisanawatulutsepo pakamwa chibadwire, ndipo ndinawatulutsa nditakhala moongoka, manja pamaondo, ngati ndikupereka malonje. Anti analowa ndi mabisiketi, namva mzere umodzi ndi theka.

"Ine ndipite kumsika," anatero, n'kutenga ambulera. Kumsika anali atapitako kale m'mawa.

"Bwereza," anatero a Mbewe. "Wameza mawu omaliza."

Titafika chapakati anakweza chala n'kuchisiya m'mwamba. Mu mzere umenewo wolakatula ankatukwana, koma ankatukwana akuitana Mulungu kuti amuone mmene wasungulumwira.

"Makadi awiri," anatero motsitsa mawu. "Imodzi ku Thupi, inayo kwa Mulungu. Iwe unkandibisira theka la mapemphero awo."

Tinabwereza mabuku onse masiku atatu. Pepala linasinthiratu, ndipo Lolemba anakalifotokoza. Ndinakhala kumbuyo ndi mabokosi pamiyendo. Mayi wina wachingelezi anawatsutsa kwambiri, iwo n'kumuyankha ndi nambala ya tsamba imene anailoweza pamtima.

Ndinaphunzira kuti ukamawerengera munthu wosaona, manyazi ako uziwasiya pa basi, chifukwa iye wakubwereka maso okha. Patapita chaka ndinafunsira ntchito ku laibulale, ndipo a Mbewe anandiuza kuti ndilembe kalata yondichitira umboni, iwo akutchula mawu. Inali ya mizere iwiri: "Mnyamatayu amawerenga zonse zimene zalembedwa. Ndinamuphunzitsa ndine, ndipo tonse awiri tinavutika."