Mubwere Mawa, Bambo

Ntchito yanga yoyamba mu Lusaka inali pa zenera lachitatu mu ofesi ya boma yoona za magalimoto ndi malaisensi. Ndinali nditangofika kuchokera kwathu kummawa, kumene ndinaphunzira sukulu yanga yonse, ndipo ndinkagona pabalaza kwa azakhali anga ku Kabwata. Tsiku loyamba azakhali anandisitira malaya iwo eni. Akundipatsa anati, "Kumeneko anthu amafika atakwiya kale. Iwe usakawonjezere." Ndinawalonjeza kuti sindidzakhumudwitsa munthu, ndipo ndinkakhulupirira kuti zimenezo n'zotheka.

Ntchito yake inali yosavuta kuimva. Munthu wofuna kukonzetsanso laisensi ankandipatsa mapepala ake pansi pa galasi, ine n'kuona ngati ali onse, kenako n'kuwalowetsa mu kompyuta. Chovuta chinali china chilichonse. Mzere unkayamba tisanatsegule chitseko. Mafani a kudenga ankazungulira awiri okha. Makina ankaima nthawi iliyonse imene afuna, mwina ola limodzi, mwina mpaka madzulo. Zikatero amayi a pa zenera lachiwiri, amene anali atakhala pamenepo zaka zambiri, ankangotsamiritsa kakatoni kotsekera zenera pagalasi n'kutulutsa foni yawo. Ine ndinkaimirira n'kupepesa aliyense payekhapayekha.

"Iwe mwana wa kumawa, uzalema," ankatero amayiwo osandiyang'ana. "Apa sitipepesa. Ukamba chabe ati netiweki kulibe, wasiliza."

Mumtima ndinkati anthu ngati iwowa ndiwo anaipitsa mbiri ya ofesi yathu.

M'mwezi wanga wachiwiri, nthawi yotentha kwambiri, pa zenera langa panafika bambo wina wachikulire, wamtali, atavala chisoti choyera cha Asilamu ndi malaya a manja aatali omangidwa mpaka pakhosi. Mapepala ake anawaika m'pulasitiki ya shuga yotsukidwa bwino. Asanawapereke anandipatsa moni wonse, nandifunsa mmene ndadzukira ndi mmene adzukira kunyumba. Chichewa chake chinali chofatsa ngati cha kwathu. Chifikireni mu Lusaka palibe amene anandilankhulapo motero, ndipo ndinangopezeka ndaimirira.

Pamene ndinkatsegula pulasitikiyo anandifotokozera za iye. Makolo ake anachokera ku Malawi kalekale, iye anabadwira konkuno ndipo ankakhala ku Chunga. Anali dalaivala wa banja lina ku Kabulonga. Ana amene ankawaperekeza kusukulu ku Woodlands anali ana a mtsikana amene anamuperekezanso ali wamng'ono. Laisensi yake inali itatha, ndipo mayi wa pakhomopo anamupatsa mwezi umodzi kuti akonzetse. Ukatha mwezi alibe, afuna dalaivala wina.

"Koma zonse zilipo, mwana wanga," anatero, akugogoda ndi chala pa pepala la dokotala. "Adokotala adinda kale."

Chidindo chinalipodi. Koma pamwamba pake, m'Chingerezi cholembedwa mothamanga, dokotala ananena kuti bamboyu ali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo asayendetse galimoto kufikira atamuchita opaleshoni. Ndinawerenga kawiri. Mwina dokotalayo anamuuza mwachangu, iye n'kungovomera mwaulemu osamva. Mwina sanamuuze n'komwe. Iye anaona chidindo basi, nakhulupirira kuti wapambana.

Kwathu mwana sauza munthu wamkulu pamaso kuti maso ake atha. Nkhani yotere umakaitula kwa wamkulu mnzake, iyeyo n'kukaifikitsa pang'onopang'ono atakhala pansi. Apa panalibe wamkulu mnzake. Panali galasi, ndi mzere wautali wa anthu kumbuyo kwake amene akanamva mawu aliwonse. Iye ankandimwetulira.

"Bambo," ndinatero, "makina sakuyenda. Mubwere mawa."

Makina ankayenda bwinobwino. Mapepala ake ndinawaika m'dirowa yanga, pansi pa bokosi la inki.

Mawa lake anabwera, ndipo tsiku limenelo makina anaimadi. Ndikuchita manyazi kunena kuti mtima wanga unakhala pansi. Tsiku lachitatu ndinamuuza kuti abwana osayina apita kumsonkhano. Kenako ndinati makadi a laisensi atha. Zifukwa zotere pa ofesi yathu sizinkasowa, ndipo zambiri mwa izo zinkakhala zoona kwa anthu ena pa tsiku lomwelo. Palibe amene akanandigwira bodza.

Mmawa uliwonse m'basi yochokera ku Kabwata ndinkakonza mawu omuuzira. Ndinkawayamba bwino, n'kuwasalaza mpaka ndifike m'tauni. Koma ndikangomuona pabenchi, atakhala mowongoka, manja pamaondo, mawu onse ankabalalika. Sankakankhana ndi anthu. Ankadikira mpaka nthawi yake ikwane, n'kundipatsa moni wake wonse uja, ine n'kumuuza za mawa. Lachisanu ankachoka dzuwa lisanafike pamutu kuti akapeze mapemphero kumzikiti, ndipo ankabwera kudzanditsanzika, ngati kuti iye ndiye akundisiya pamavuto.

Tsiku lina mnyamata woyendetsa minibasi anamenya galasi langa ndi chikhatho chifukwa ndinachedwa kumupezera fayelo. Bambo uja anadzuka pabenchi. "Musamukalipire uyu," anatero. "Mu ofesi monse muno mwana waulemu ndi yekhayu. Vuto ndi makina." Mnyamatayo anaseka nati, "Ba mudala, muzafela pa benchi na ulemu wanu." Anthu anaseka nawo. Ine ndinayang'ana pa kiyibodi.

Azakhali sindinawauze. Amayi a pa zenera lachiwiri ndinaganiza zowapempha kuti amuuze iwo, koma ndinaopa kuti amuuza mokuwa, komanso ndinaopa kusekedwa. Ndinkadziuza kuti ndikumusungira ulemu. Chakudya cha masana chinasiya kundikomera. Masabata atatu anatha choncho.

Lolemba la sabata lachinayi amayi aja inki inawathera, ndipo anatsegula dirowa yanga osandifunsa, monga ankachitira nthawi zonse. Anatulutsa pulasitiki ya shuga ija. Anawerenga pepala la dokotala, nayang'ana pabenchi, kenako nayang'ana ine. Ndinayembekezera kuti aseka, koma sanaseke.

"Iyi ili muno kuchokela liti?"

Ndinawauza.

"Uwauze lelo. Manje manje, osati mawa. Ine sinizakukambila." Anatsamiritsa kakatoni kawo pagalasi langa, nandipatsa mapepalawo m'manja.

Ndinatuluka pakhomo la antchito n'kuzungulira mpaka kubenchi. Sindinadziwe njira ina yolankhulira naye, choncho ndinanjuta patsogolo pake monga timachitira kwathu. Anthu a pamzere anasiya kucheza kuti aone kalaliki wa boma atanjuta pasimenti. Ndinalankhula motsitsa mawu. Ndinamuuza zimene dokotala analemba, ndi kuti laisensi singatuluke maso asanakonzedwe.

Anayang'ana pepala la dokotala lija. Kenako anafunsa, "Unaziona liti zimenezi?"

"Tsiku loyamba, bambo."

"Tsiku loyamba." Anagwedeza mutu pang'ono. "Ng'ala amachotsa kuchipatala, mwana wanga. Mnzanga wa kumzikiti anamuchotsa, lero amawerenga yekha. Ukanandiuza tsiku lija, ndikanapita kwa madamu n'kuwauza kuti ndi matenda. Matenda amawamvetsa, ndinawanyamula ali kamwana. Koma ine ndakhala ndikuwauza kuti mawa, mawa, tsiku lililonse, monga unkandiuzira iwe. Loweruka anandifunsa ngati ndikuwabisira kanthu. Anati makiyi ndiwasiye kwa mlonda."

Ndinati ndipepese, koma anakweza dzanja pang'ono. Sanali wokwiya. Anangooneka wotopa ngati munthu amene wayenda ulendo wautali n'kupeza kuti analowera njira ina. Anayang'ana cha ku zenera lachiwiri.

"Amayi awo akanandikalipira tsiku limodzi basi," anatero.

Anapinda mapepala ake mosamala, nawabwezera m'pulasitiki. Anandiuza kuti ndidzuke, ndidetsa thalauzi. Pakhomo lotulukira pali kasitepe kamodzi. Ndinamuona akukafufuza ndi phazi asanatsike, ndipo ndinazindikira kuti wakhala akuchita zimenezo tsiku lililonse ine ndikuona.

Nditabwerera pampando, amayi aja anachotsa kakatoni pagalasi langa naitana munthu wotsatira. Sanayambitsenso nkhaniyo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Masana anandigawira chimanga chawo chootcha.

Ndidakali pa zenera lomwelo. Kwa azakhali ndinachokako, tsopano ndimachita lendi kachipinda ku Chilenje. Makina amaimabe, makadi amathabe, ndipo zimenezo sindingazikonze ine. Koma pepala la munthu likakhala ndi vuto ndimamuuza pomwepo, mwachidule, nthawi zambiri maso ali pa kompyuta, chifukwa ndikamuyang'ana kumaso lilime limayambanso kufuna kunena za mawa. Moni wautali ndinasiya. Ena amachoka akung'ung'udza kuti ndine wamwano. M'basi ndimamva anthu akusimba za ofesi yathu, kuti tilibe mtima, kuti timasangalala kuona munthu akuvutika. Ndimabisa kakhadi ka kuntchito m'thumba la malaya n'kuyang'ana panja. Sindidziwa mmene ndingawauzire kuti munthu amene ndinamulakwira koposa onse ndi amene ndinamuchitira ulemu wonse umene ndinaphunzitsidwa.

Bambo uja sanabwerenso. Sindikudziwa ngati anapita kuchipatala, kapena ngati a ku Kabulonga anamumvetsa pambuyo pake. Nambala ya laisensi yake ndinailoweza pamtima m'masabata aja osafuna. Nthawi zina mzere ukachepa, makina akuyenda, ndimailemba mu kompyuta. Chithunzi chake chimatuluka, ali wamng'onoko kuposa mmene ndinamudziwira, ndipo pansi pake pamalembedwabe kuti laisensi inatha. Ndimatseka, n'kuitana wotsatira.