Kabotolo ka Mkodzo wa Mwana

Mkono wa amuna anga ndinauthyola ndine, ndi munsi, dzuwa lili paliwombo, anthu akuona. A m'komboni ya mgodi ku Kabwe anaikamba nkhaniyi zaka zambiri, ena mpaka kuwonjezera kuti ndinali nditaledzera. Ine mowa sindinaulawepo chibadwire, ndine mwana wa mkulu wa mpingo. Chimene ambiri sankachidziwa bwino ndi nkhani ya kabotolo, ndiye lero ndiinena ndekha.

Tonse awiri tinabadwira m'komboni momwemo. Makolo athu anachokera ku Malawi kutsatira mgodi, koma ife kumudziko tinkangokumva m'makalata. Amuna anga ankagwira ntchito ku ng'anjo, kosungunulira mtovu, ndipo nyumba imene tinkakhalamo inali ya mgodi: zipinda ziwiri, mpopi panja, ndi mtengo wa mango umene masamba ake ankakhala otuwa ndi fumbi lochokera pa chimulu chakuda cha zotaya za mgodi. Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, yoti popanda khadi la chipanicho mumsika sulowa, ndipo tcheyamani wa dera lathu sankatopa kutikumbutsa kuti ife a Chinyasa tili ndi kwathu. Ntchito ikatha, nyumba yatha. Zimenezi ngakhale ana ankazidziwa.

Munthu amene ndinakwatiwa naye anali woseka, woimba besi mu kwaya. Ng'anjo ndi imene inandisinthira. Zinayambira m'mimba, ankapindika pamphasa akubuula, masiku atatu osapita kuchimbudzi. Kenako usinini unachita mzere wakuda m'mphepete mwa mano, ndipo kapu inayamba kuwapulumuka m'manja. Ukali unabwera pomaliza. Mchere ukachepa m'ndiwo, khofi. Mwana akalira, khofi. Tsiku lina anandiponyera mbaula yamoto chifukwa ndinawafunsa kawiri ngati asambe, chipsera chake chilipo pakatumba mpaka lero. Azimayi a kumpopi ankangoti amuna a ku ng'anjo ndi choncho, pirira mwana iwe. Ndipo zoona, mzere wathu wonse wa nyumba tinali otupa maso, tinkangosiyana masiku.

Kenako kunabwera lamulo lakuti aliyense wa ku ng'anjo azipereka mkodzo mwezi ndi mwezi kuti aupime. Ukapezeka ndi mtovu wambiri koyamba, akuchenjeza. Kachiwiri akuchotsa ku ng'anjo, ukasese pabwalo pa malipiro osafika pakati pa mwezi. Kachitatu akupumitsa, lole ibwera kudzatenga katundu. Lamulolo linali labwino, ndikunena lero tsitsi litayera, koma nthawi imeneyo tinkaliona ngati mpeni pakhosi. Amuna anapeza njira msanga. Ankabwera ndi mkodzo wa kunyumba m'kabotolo, atakabisa m'khwapa kuti kasazizire, n'kukakhuthulira m'chikho cha achipatala kuseri kwa chitseko. Wa mkazi ankauopa, ati wina anauzidwa kuti ali ndi pakati. Wabwino unali wa mwana, poti mwana sanapondeko ku ng'anjo.

Amuna anga anali atachenjezedwa kale kamodzi. Tinali ndi atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi, wotsiriza, wa zaka zinayi. M'mawa wa tsiku lopima ndinawiritsa kabotolo ka mankhwala a chifuwa, ndinakaumitsa padzuwa, ndiye bambo ake anagwada pansi n'kuyamba kumunyengerera mwanayo. Mwana anakodzeramo akuseka, osataya ndi dontho lomwe. Bambo ake anamuombera m'manja, ine ndinaombanso, tinamupatsa ndi switi. Panali patapita miyezi ndisanawaone amuna anga akuseka chomwecho, moti tsiku lonselo ndinagwira ntchito ndikuimba.

Patapita sabata amuna anga anatulukira masana, nthawi yoweruka isanakwane. Ndinali ndikuchapa ovolosi yawo m'bafa. Maovolosi sankayenera kubwera kunyumba, koma kochapira kwa mgodi ankasowa, ndiye tinkachapa tokha. Anangolunjika pamene ndinali. Anandigwira tsitsi n'kundimiza nkhope m'madzi akuda aja, ananditulutsa, anandimizanso, kenako anandikokera m'nyumba n'kuyamba ndi nsapato za kuntchito, zija zachitsulo kutsogolo. Mlandu wanga ndinaumva pakati pa mateche: ati ndinawapatsa botolo losatsuka, kapena ndinathiramo kanthu dala kuti ndiwagwetse. Mkodzo unapezeka ndi mtovu woposa wa munthu aliyense wa ku ng'anjo. Dokotala anachita kuwaitanitsa, anawauza atambasule manja, anawayang'ana m'kamwa, n'kuwafunsa kuti akuyenda bwanji ndi miyendo yawo. Anawachotsa ku ng'anjo tsiku lomwelo n'kuwalembera jekeseni m'mawa uliwonse.

Ndili gone pasimenti, dzino likugwedera, ndinamuona mwana pansi pa tebulo. Sankalira. Anali atakhala pa ovolosi ina ya bambo ake, imene ankakonda kugonera, akutafuna kolala yake. Pamenepo zonse zinandibwerera pamodzi: m'mimba mwake mosamva mankhwala, dothi limene ndinkamulanda m'kamwa tsiku ndi tsiku iye n'kumati n'lokoma, mawu amene ankawadziwa chaka chatha koma tsopano atamuthawa, kupunthwa pabwalo popanda mwala.

"Bambo," ndinatero, "mkodzo uja si wanu."

Phazi linaima m'malere. Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, ndipo ndikulumbira kuti anamvetsa zonse monga mmene ndinamvetsera ine. Anakhala pampando. Atalankhula analankhula motsitsa, ndipo mawu otsitsawo ndi amene anandigonjetsa, osati nsapato. Anati ndikangotsegula pakamwa si za kusesa pabwalonso ayi, ndi kuchotsedwa ntchito chifukwa cha chinyengo, ana atatu pamsewu, tcheyamani akutiloza njira ya ku Malawi kumene sitikudziwako ndi mtengo womwe. Anati ndidikire. Mankhwala amene azikalandira azibisako ena, tizimupatsa mwana kunyumba.

Ndinavomera. Ine mayi wake, womubereka, ndinavomera. Mankhwalawo anapezeka kuti ndi jekeseni, chinthu chosabisika m'thumba, koma ndinadikirabe. Ndinamumwetsa mkaka, poti amuna a ku ng'anjo ankapatsidwa mkaka ati umatsuka mtovu. Ndinabisa maovolosi padenga. Ndinamumangirira ndi chitenje kumwendo wa bedi kuti asapite kufumbi, iye akulira, ine ndikumukalipira ngati wolakwa ndi iyeyo. Lamlungu ndinapita naye kutchalitchi diso lili lotupa, ndinapemphera, ndinabwerako. Chipatala cha mgodi chinali pafupi, ukaima pampopi unkaona denga lake. Ndinaliyang'ana dengalo masiku asanu ndi anayi. Jekeseni za mwana wanga ankabaya bambo ake m'mawa uliwonse, ndipo bamboyo anayamba kudya bwino.

Tsiku lachikhumi ndinali ndikusinja mtedza pakhonde pamene mtsikana wanga wamkulu anakuwa m'nyumba. Ndinalowa munsi uli m'manja, ndinakauponya pansi nditaona mwana. Anali chagada, msana utapindika, maso atatembenuka kutsala oyera okhaokha, thovu kukamwa, zidendene zikumenya simenti. Ndinamasula chitenje chija n'kumunyamula ali gwa ngati thabwa. Potembenuka ndinapeza bambo ake atadzaza pakhomo, akuchokera kumene kojekeseni, thonje likadali pamkono.

Ndinawauza apatuke. Iwo anati uwu ndi mdulo, ndayenda ndi mwamuna wina ine, n'chifukwa chake mwana wagwa, ndipo za mdulo sizipita kuchipatala, tipita kwa sing'anga wa ku Mukobeko. Ankadziwa kuti akunama. Nditasuntha phazi anasolola lamba. Anayamba ndi mbali yachitsulo, inanding'amba khutu, magazi n'kutsikira m'khosi. Ndinawapatsa msana kuti ndiphimbe mwana, anamenya msanawo, kawiri, katatu, sindinawerenge. Anthu anali atayamba kusonkhana panja, koma palibe analowa, poti za m'banja la mwini sankalowerera. Kenako chitsulo chija chinandiphonya n'kutera pa mwendo wa mwana, ndipo mwanayo sanalire n'komwe, sanamve.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinamupatsira mtsikana uja mwanayo, ndinatola munsi. Amuna anga anakweza dzanja lalamba, ine ndinamenya pakati pa chigongono ndi dzanjalo ndi mphamvu zanga zonse, mmene ndimasinjira chimanga chouma. Kunamveka ngati nkhuni yathyoka. Anagwera chagada pakhonde, mtondo n'kugubuduka, mtedza mbwee pansi. Ndinawatsatira n'kumenyanso pa mkono womwewo ali pansi kale. Kachiwiriko sikanali ka mwana ayi, kanali ka dzino langa ndi mbaula ija, sindinama. Ndinawalumpha, ndinabereka mwana, ndinathamanga wopanda nsapato.

Kuchipatala nesi anangomuyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi malungo a muubongo, n'kuyamba kukonza jekeseni ya malungo. Palibe anandifunsa za kabotolo. Pa nthawi imeneyo nyumba inali idakali yathu, ndikanangotseka pakamwa basi. Ndipo ndikuuzeni zoona, ndinatseka pakamwa mpaka nesiyo anamuvula mwana kabudula. Pamenepo ndi pamene ndinamugwira dzanja.

"Si malungo. Katengeni pepala la bambo ake. Mkodzo munapima uja ndi wa mwana uyu."

Anaika jekeseni pansi n'kuthamangira dokotala. Dokotala anawerenga pepalalo, anamuyang'ana mwana m'maso ndi tochi, kenako anandifunsa kuti zotsatirazo tinazimva liti. Ndinati lero ndi tsiku lachikhumi. Sanandikalipire, bwenzi zili bwino akanatero. Anangotembenuka n'kuyamba kulamula anthu ake. Nesi uja ndi amene anandifunsa m'Chibemba, motsitsa, ngati mwanayu ndinamubereka ndine. Ine amene sindisowa choyankha kumpopi kapena kumsika, tsiku limenelo ndinangoyang'ana pansi pamene magazi a khutu langa ankadonthera.

Amuna anga anawabweretsa pa wilibala m'chipatala chomwecho. Anauza achipatala kuti agwa pa njinga, ndipo kupolisi sanapiteko. Kalata yowachotsa ntchito inawapeza ali pabedi. Kuyambira mwezi umenewo amuna a ku ng'anjo ankakodza wachipatala ataima pambali akuyang'ana, ndipo ambiri anachotsedwa ku ng'anjo motsatizana. Ndiye komboni yonse inadziwa woyambitsa. Tsiku la lole, mwana akadali m'chipatala, azimayi omwe aja tinkabwerekana mchere anaima m'mbali mwa msewu n'kutigenda. Mwala wina unaswa galasi la kabati yanga, wina unamupeza mtsikana wanga wamng'ono pachipumi. Ndinawatukwana kuchokera pamwamba pa lole, mmodzimmodzi, mpaka amayi awo, ndipo ndinawauza kuti akapimitse ana awo. Awiri okha anapita.

Tinapeza chipinda chimodzi ku Nakoli, kwa mayi wina wa mumpingo. Ku Malawi palibe anatithamangitsirako. Tcheyamani uja sanabwere n'komwe kudzaona lole, zonse zija zinali pakamwa chabe. Ine ndinayamba kugulitsa zitumbuwa pasiteshoni, amuna anga anapeza ulonda pa sitolo ina, mkono utapola mokhota. Sitinagone ndi njala kupitirira mmene ankagonera anzathu. Chimene chimandiwawa n'chakuti chaka chisanathe ukali wawo unatha. M'mimba munaleka, usinini unayera, anabwerera ku kwaya. Munthu amene ndinakwatiwa naye uja anabwerera, ndipo sanandikwezerenso dzanja mpaka imfa yawo. Lamulo tinkaliopa lija likanawachiritsa kalekale tikanalisiya ligwire ntchito yake.

Mwana ndiye sanabwerere. Anatuluka m'chipatala wamoyo, akuyenda, koma mawu anatsala owerengeka: mama, tata, madzi. Kusukulu anatibwezera sabata yoyamba yomwe. Ndinamufunsapo dokotala kamodzi ngati zikanasiyana ndikanabwera tsiku loyamba lija, iye anati sitingadziwe. Iye sangadziwe, koma ine ndinalipo, ndipo pa tsiku loyambalo mwanayo ankatha kuitana azichemwali ake ndi mayina awo. Bambo ake ankamusambitsa okha tsiku lililonse ndi dzanja limodzi labwinolo, osalola wina aliyense, mpaka mwana anamera ndevu n'kuyamba kumumeta. Za kabotolo sitinakambiranepo ngakhale tsiku limodzi, za mkono chimodzimodzi.

Pano mwanayo ali ndi imvi, ndipo womusambitsa ndine. Zambiri zimene zimamuchitikira samazisunga, ukamuuza chinthu m'mawa, masana chapita. Koma m'nyumba mwanga simukhala kabotolo kakang'ono, ka mankhwala kapena ka mafuta, ndimataya kutali ndikangomaliza. Nthawi zina amakatola yekha kudzala. Amapita nako kuseri kwa nyumba, kenako amabwera atakagwira ndi manja awiri, osataya ndi dontho lomwe, akuseka, n'kuima patsogolo panga kudikira. Ndimapukuta manja pa chitenje, n'kumuombera m'manja.