Matumba a makaka m'mipando yanu

Mwatandala uli, ana anga.

Lero ndinapita ku Chintheche kukaona galimoto ndinkanena ija, yakale koma ya mipando seveni. Eni ake ndi a Chirwa, aphunzitsi opuma ntchito. Injini ikulira bwino, matayala awiri okha ndi amene atha.

Ndinawauza kuti galimoto siyesedwa yopanda kanthu, ndikufuna ndione ngati ingakwere zitunda titakhalamo tonse. Poti anthu oti akwere panalibe, tinakweza matumba asanu a makaka, lililonse pampando pake. Yakwera bwinobwino, osatsamwa.

Koma pobwerera ndinangozindikira ndikucheza ndi matumba aja. La kumbuyo kwanga ndinaliitana dzina lako iwe Tamara, kuliuza kuti litseke windo. Mpando wakutsogolo, wa malemu mayi anu, ndinakana kuikapo thumba.

Nditabwerako, a Chirwa anandiyang'ana, kenako anati, "Bambo Mhone, ngati mumayenda nokha, alamu anga ali ndi ina yaing'ono."

Yankho lili ndi inu, ana anga. Chaka chino mubwera kuti tipite limodzi ku Dedza kwa agogo anu, kapena ndingogula yaing'onoyo?