Malaya Anga Oyera pa Tsiku la Holi

Ndikukumbukira malaya anga oyamba oyera. Ndinali ndi zaka khumi.

Bambo anga, amene tinkawaitana kuti Ada, anali telala pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Chintheche. Mwini sitoloyo anali ndi ana awiri, Ramesh ndi Nila. Iwo sankapita kusukulu ya mishoni ngati ife. Mayi awo ankawaphunzitsa okha kuseri kwa sitolo, pamphasa, ndi masileti. Ine ndikaweruka ndinkaima pakhomo n'kumamvetsera, mpaka mayiwo anandizolowera.

Tsiku lina anati, "Yotamu, mawa ndiphunzitsa za Holi, chikondwerero chathu. Ubwere."

Ife Atonga tikaitanidwa kuchikondwerero sitivala ngati tikukazula chinangwa. Ada anatulutsa malaya amene anandisokera kuti ndidzavale pa Pasaka. Anawaviika m'sitachi ya chinangwa, n'kuwasita ndi simbi yamakala mpaka kolala inauma ngati lata.

"Ukabwere nawo mmene alilimu," anatero. "Kadontho kamodzi, mkwapulo."

M'mawa ndinapeza anzanga aja atavala masanza. Ndinawamvera chisoni. Mayi awo atandiona anagwira pakamwa, kenako anandipatsa malaya akale a Ramesh kuti ndisinthe. Ndinakana. Ndivule kolala yotere chifukwa cha chigamba? Sindinafunse chifukwa chake.

Mayiwo anatikhazika pansi. Anatisimbira za mwana wa mfumu amene adani ake anamuponya pamoto koma sanapse, chifukwa sanasiye kupembedza. Anatinso pa Holi palibe bwana kapena wantchito, ndipo okwiyirana amakhululukirana. Atatero anavundukula mbale zitatu za ufa: wofiira, wachikasu ndi wobiriwira. Ine ndinkayesa ndi zokometsera ndiwo.

Nila, kamwana ka zaka zisanu, anatapa wofiira n'kundipaka pachifuwa penipeni. Ramesh anathirapo madzi. Ndinaima njo, ndikuganiza za mkwapulo. Kenako ndinaona kuti chaonongeka chaonongeka. Ndinatapa wachikasu manja onse awiri. Tinathamangitsana bwalo lonse, nkhuku zili balala, ndipo ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Tili mkati, makina osokera pakhonde analeka kulira. Ada anali ataima pakhomo, jekete ili pathupi, maso ali pa malaya anga.

Mwini sitolo anatulukira kumbuyo kwawo, chala chili chofiira.

"Atelala, lero kulibe bwana," anatero, n'kuwakhudza pachipumi.

Ada anali mkulu wa mpingo, munthu wosaseka wamba. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula jekete, n'kuipinda bwinobwino. Anavulanso malaya, zonse n'kuika pawindo. Atatsala ndi vesiti, anatapa ufa wobiriwira n'kuukhuthulira m'mutu mwa bwana wawo. Mayi aja anaseka mpaka kukhala pansi.

Ada anatembenukira kwa ine. "Waona, iwe? Munthu amayamba wavula."

Mkwapulo sunabwere. Chilango chinali china. Malaya ndinawachapa kunyanja katatu, koma anatsala ofiirira ngati mphuno ya ng'ombe, ndipo pa Pasaka ndinawavala omwewo. Ada anandikhazika pabenchi lakutsogolo kuti mpingo wonse uone bwino.

Lero ndakalamba. Ndimavalabe malaya oyera, ndipo ndimasita ndekha, chifukwa adzukulu anga sadziwa kusita kolala. Koma ndinaphunzira kuti ulemu wa kwanu si ulemu wa kulikonse. Mwini nyumba akakupatsa chigamba, ali ndi chifukwa. Funsa, kenako vala.