Zakuda za a Telala

A Telala a pakhonde loyandikana ndi sitolo yanga akhala akusoka pamenepo kuyambira kalekale. Ndi munthu wosachuluka mawu, tepi m'khosi, singano pakamwa. Dzuwa likapendeka ankavindikira makina n'kutulutsa bolodi la chesi, ndipo a Mawotchi, okonza mawotchi kutsidya kwa msewu, ankawoloka atanyamula kampando kawo.

Lamulo lawo linali lakuti wopambana dzulo ndiye amatenga zosewerera zoyera n'kuyamba. Popeza a Telala anali asanapambanepo, zakuda zinali ngati zobadwa nazo.

A Mawotchi sankayamba ngati anthu ena, amene amakankha kamsilikali ka patsogolo pa mfumu kuti nkhondo ikumane pakati. Iwo ankayambira m'mphepete: kamsilikali ka m'mbali, kenako hatchi, kenako bishopu n'kukabisala pakona. Pakati ankasiyapo dala. A Telala ankathamangirapo ndi asilikali awo onse, n'kumadyedwa kuchokera m'mbali.

"Mwamezanso nyambo, bambo?" ankatero akazi a Telalawo, amene chesi sakuidziwa n'komwe.

A Telala sankafuna zambiri pamoyo wawo. Ankangofuna kugonjetsa a Mawotchi kamodzi kokha. Choncho anayamba kukonzekera. Bolodi linkakhala pambali pa makina, phazi likupalasa, maso ali pa hatchi. Thalauza langa lina linatuluka mwendo umodzi wautali, ndipo nditadandaula anangoti, "Muzipinda." Anayesa kutsanzira chilichonse chimene a Mawotchi achita, zinakanika. Anayesa kudikirira kumbuyo, anapanikizidwa mpaka kusowa poponda. Patapita zaka anapeza njira yawo: msilikali mmodzi pakati, wina womuchirikiza kumbuyo, bishopu wa pakona uja n'kusowa podutsa. Kulikonse kumene zoyera zikanakhotera, yankho anali ataliloweza. Masewera anayamba kutalika, masiku ena n'kulepherana. Ngakhale ine ndinaona kuti chatsala n'chaching'ono.

Ndiye maso a a Mawotchi anayamba kuchita khungu. Mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga kuti azikakhala naye kutali. Tsiku lonyamuka, katundu ali kale m'galimoto, anawoloka ndi kampando kaja. A Telala anali atayala kale bolodi, zakuda zili mbali yawo.

A Mawotchi anagwira bolodilo n'kulitembenuza.

"Achimwene, ndakudyerani masuku pamutu zaka zonsezi. Lero yambani ndinu."

"Ayi, lamulo ndi lamulo," anatero a Telala.

"Munthu akukutsanzikani, mukane mphatso yake?"

Akanakana bwanji? A Telala anayang'ana zoyerazo. Zaka zonsezo anaphunzira kuyankha basi, kuyamba sanakuganizirepo. Kenako anakankha kamsilikali ka patsogolo pa mfumu, monga amachitira aliyense wongophunzira. A Mawotchi, mphuno ili pafupi ndi bolodi, anawamaliza tiyi wanga asanazizire. Anagwirana chanza, a Mawotchi ali okondwa kuti asiya zabwino, mwana wawo n'kuwatsogolera kugalimoto. Ine zinandiwawa.

Bolodi akulitulutsabe. Amabwera ometa tsitsi, amabwera okonza njinga. A Telala amasankha zakuda n'kupinda manja, kudikira. Onsewo amayambira pakati.