Chipsera cha Tiyamike

Tsiku limenelo amayi analawirira kukazinga zitumbuwa. Sizinali zogulitsa. Zinali kamba wathu wa paulendo wokaona koleji.

Tinali awiri, ine ndi Tiyamike, mwana wa amayi aang'ono. Tinakulira limodzi ku Kawale. Tonse tinakhoza mayeso a Folomu 4, ndipo tonse mayina athu sanatuluke pa osankhidwira ku yunivesite ya boma. Amalume, mwini mbumba, anati angathe kutumiza mmodzi yekha ku koleji yolipira. Anati tikafufuze tokha. Amene adzabwere akudziwa bwino zimene akufuna kukaphunzira, ndi kumene akazipeze, ndiye adzapite.

Inu obadwa dzulo mumasankha sukulu pafoni muli gone pabedi. Ife tinkadula zotsatsa za m'nyuzipepala, zina zikununkha usipa. Tinkafunsa ana a anthu a kutchalitchi akabwera kutchuthi. Zotsalazo zinali za miyendo. Ine ndinali nditafufuza kwambiri. Ndinkadziwa kusiyana kwa dipuloma ndi digiri. Tiyamike ankangodziwa mmene atsikana a ku koleji amavalira.

Anabwera atavala jinzi yobwereka, tsitsi atawongola, kachikwama kali kumsana. M'kachikwamamo munali kagalasi ndi chipeso basi.

Ine amayi anandimangitsa chitenje. Kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo kwa iwo mwana wamkazi sakaonekera kwa akuluakulu a mu ofesi alibe nsalu m'chiuno. Anandimanganso duku, n'kundipatsira kabeseni ka zitumbuwa. Ndinayesa kukana. Anangondiyang'ana.

Mu minibasi kondakitala anamutcha Tiyamike sisi. Ine ananditcha mayi. Nsanje inandigwira ulendo wonse.

Kolejiyo inali kunja pang'ono kwa tauni. Pageti panalibe mlonda, koma ife sitinadabwe. Tinalowa. Ndinapeza bolodi la zidziwitso n'kuyamba kuwerenga maphunziro ake, chala chili pagalasi. Ndinali nditafika pakati pamene kunamveka nyimbo.

Ophunzira ankatuluka m'holo yodyera akumenya mbale ndi masipuni. Anali pa mkangano ndi akuluakulu a sukuluyo pa nkhani ya chakudya. Ife sitinkadziwa. Tiyamike anayamba kugwedeza mutu motsata nyimboyo.

Galimoto ya apolisi inaima pageti. Mwala woyamba unaswa zenera la ofesi. Kenako kunamveka kuphulika, ndipo kachitini kanagubuduka pa kapinga kakutulutsa utsi woyera.

Utsi umenewo si wa nkhuni. Umaluma ngati wina wakuthira tsabola m'maso ndi m'mphuno. Mnyamata wina anagwada pampopi n'kunyowetsa malaya ake. Pansi panali mbale zambirimbiri, ndipo anthu ankaterereka nazo.

Tinathamanga titagwirana manja. Pangodya ya nyumba ya mabuku khamu linatidula pakati. Dzanja la Tiyamike linandipulumuka. Ndinatsala ndi kabeseni kanga. Mpaka lero sindidziwa chimene sindinakatayire.

Pageti apolisi anaima mzere, akusankha anthu. Aliyense wa chikwama kumsana ankamukwapula n'kumukankhira m'galimoto. Wina anandiyang'ana kuyambira paduku mpaka kumapazi.

"Inu mayi a zitumbuwa, tulukani! Muzikagulitsa kwina."

Ndinatuluka.

Nditacheuka ndinaona akumukweza Tiyamike, magazi akutsika pamphumi pake. Mtsikana wina wa pakolejipo anamugwira dzanja n'kumukhazika pambali pake. Mantha ndinali nawo, si bodza. Koma chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti wapolisi, munthu wosatidziwa, anatiyang'ana tonse awiri n'kuona mwana wa koleji mmodzi yekha.

Maminibasi anali atasiya kudutsa msewu umenewo. Ndinalowa m'madimba. Sandasi imodzi inaduka m'matope, ndipo ndinainyamula kumanja. Kumbuyo kunkamvekabe kuphulika, koma kunkanka kutali.

Mayi wina amene ankathirira mpiru ananditungira madzi kuti ndisukusule. Maso anga atatseguka pang'ono, mayiyo anasuzumira m'kabeseni n'kufunsa mtengo wa zitumbuwa. Ndinamupatsa zonse.

Ndinafika ku Kawale dzuwa litapendeka. Amayi anandipapasa mutu, mikono, msana. Sanapeze bala. Anathokoza Mulungu, kenako anathokoza chitenje. Amayi aang'ono anakhala pakhonde, akuyang'ana kumsewu.

Tiyamike amalume anakamutenga kupolisi mawa lake. Pamphumi anamusoka kuchipatala. Koma m'chitolokosi muja anakhala ndi atsikana a chaka chomaliza, ndipo anamuuza zonse. Anamuuza maphunziro amene ntchito yake sivuta kupeza. Anamuuza amene dzina lake ndi lokoma koma mapeto ake n'kukhala pakhomo. Anamuuza zimene amafunsa pa mayeso olowera, ngakhale hositelo imene madzi sasiya.

Pamaso pa amalume anayankhula osapuma, bandeji ili pamphumi. Ine ndinali ndi timapepala tanga ta m'nyuzipepala, ndi theka la bolodi lija m'mutu. Amalume sanachedwe. Anati mwanayu wakhetsera kale magazi pasukulupo, apite ndi iyeyo.

Tsiku lopita ndinamunyamulira sutikesi mpaka kudepoti. Ndinavala siketi. Palibe anazindikira.

Lero Tiyamike ali ndi ofesi yakeyake. Sitinadane. Ana ake amadya kwathu, anga amagona kwawo. Pa maukwati amakonda kufotokoza za tsiku lija, ndipo akamaseka chipseracho chimakwera m'mwamba pang'ono. Anthu akamva amatembenukira kwa ine n'kunena kuti ndinali ndi mwayi.

Ndimavomera ndi mutu. Ndinatuluka pageti paja wopanda ndi kabala komwe. Chipsera chija ndimachisirirabe.